Chifukwa chake boma liyenera kuika ndalama zambiri pa ntchito yosamalira achinyamata

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu 17,563,749, ndipo oposa theka la anthuwa anali asanakwanitse zaka 18. Ndondomeko ya boma yokhudza achinyamata imawerenga munthu aliyense wa zaka zapakati pa 10 ndi 35 kuti ndi wachinyamata, kotero pokamba za gulu limeneli tikukamba za anthu amene adzaza m'makalasi, m'misika, m'minda ndi pa masiteji a kabaza kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Ngakhale zili choncho, chaka ndi chaka nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, unduna woona za achinyamata umakhala m'gulu la maunduna olandira ndalama zochepetsetsa, ndipo zochepazo amagawana ndi zamasewero. Undunawu wakhalanso ukusamutsidwa nthawi ndi nthawi, pena kuphatikizidwa ndi za ntchito, pena ndi za chikhalidwe, zomwe zimasonyeza kuti maboma osiyanasiyana sanautenge ngati unduna wokhala ndi ntchito yakeyake yoti iziyenda tsiku ndi tsiku.

Ndi bwino kumvetsetsa kaye chimene chikutchedwa ntchito yosamalira achinyamata, chifukwa anthu ambiri, kuphatikizapo andale, amaisokoneza ndi sukulu, chipatala kapena ngongole za bizinesi. Ntchitoyi imachitika pamene munthu wamkulu wophunzitsidwa bwino akumana ndi anyamata ndi atsikana pamalo odziwika, tsiku lodziwika, sabata ndi sabata, iwo atabwera mwa kufuna kwawo popanda wowakakamiza. Pamalopo pamatha kukhala mpira, zisudzo, kwaya, dimba la kalabu, makina osokera kapena maphunziro a kasungidwe ka ndalama, ndipo zimenezi ndi zomwe zimakopa achinyamata kuti abwere. Koma phindu lenileni lagona pakuti mwana wa zaka 15 amakhala ndi munthu wamkulu wodalirika, yemwe si kholo lake kapena mphunzitsi wom'chongera mayeso, amene angamuuze kuti sanapite kumwezi miyezi iwiri, kuti bambo ake omupeza akumuvutitsa usiku, kapena kuti ngongole ya kubetcha yamufika m'khosi. Wamkuluyo amadziwa khomo loyenera kugogoda, kaya ndi kuchipatala, kwa apolisi oona za nkhanza, kwa a chisamaliro cha anthu kapena kwa mfumu, ndipo amalondola nkhaniyo mpaka ataona kuti mwanayo wathandizidwa.

Ntchito yotereyi si yachilendo pakati pathu. Kumudzi anyamata ankagona kugowelo kapena kumphala, atsikana ankakulira kukuka kwa agogo awo, ndipo anamkungwi, atsibweni ndi azakhali anali ndi udindo wodziwika wolangiza mwana akatha msinkhu. Sikuti zonse zomwe zinkaphunzitsidwa kumeneko zinali zabwino, ndipo miyambo ina ya kuchinamwali ndi imene mafumu monga Kachindamoto wa ku Dedza analimbana nayo pothetsa maukwati a ana, komabe mwana sankakula yekha. Masiku ano atsibweni ali ku Joni, agogo akulera adzukulu asanu omwe makolo awo anamwalira, ndipo banja lomwe likuchita lendi ka chipinda kamodzi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Masasa ku Mzuzu lilibe gowelo kapena kuka. Mipingo ndi mizikiti ikugwirabe gawo lalikulu la ntchitoyi, ndipo iyenera kuthokozedwa, koma imafikira okhawo amene amapemphera kumeneko, pamene mnyamata amene ali pachiopsezo chachikulu nthawi zambiri ndi yemwe anasiya kale kulowa m'tchalitchi.

Dziko lino linayesapo kugwira ntchito ya achinyamata ndi ndalama za boma, ndipo mbiri yake ndi imene imachititsa akuluakulu ena kuzengereza mpaka lero. Gulu la Malawi Young Pioneers linakhazikitsidwa mu 1963, mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, ndipo linali ndi malo ophunzitsirako m'maboma ambiri, woyamba mwa iwo kukhala Nasawa ku Zomba. Kumeneko achinyamata ankaphunzira ulimi wamakono, ukalipentala, zomangamanga, kuyendetsa galimoto ndi kusunga mwambo, ndipo ena ankatumizidwa ku masikimu a ulimi pamene ena ankaphunzitsa masewero olimbitsa thupi m'masukulu. Chaka chilichonse kunkakhalanso sabata ya achinyamata, pamene ana asukulu ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kuthandiza okalamba. Koma gulu lomweli linasanduka asilikali a chipani, linapatsidwa mfuti, linkazonda anthu ndi kuzunza oganiziridwa kuti akutsutsa boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, mpaka pamene asilikali a dziko analilanda zida mu Disembala 1993 pa zomwe zinatchedwa Operation Bwezani, apayoniya ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Kuthetsa gululi kunali koyenera. Cholakwika chinali chakuti pamodzi ndi mfuti ndi ukazitape tinatayanso malo ophunzitsira, aphunzitsi a ntchito zamanja ndi lingaliro lenilenilo loti boma lili ndi udindo pa mnyamata yemwe sali pasukulu, ndipo ambiri mwa malo aja anangosiyidwa kuti agwe kapena anapatsidwa ntchito zina.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, malamulo ndi maofesi sizinasowe. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Youth Council of Malawi kuti lizilembetsa ndi kugwirizanitsa mabungwe a achinyamata, ndondomeko ya dziko yokhudza achinyamata yalembedwa ndi kuunikidwanso kangapo, ndipo pansi pa ulamuliro wa mphamvu ku anthu khonsolo iliyonse ili ndi ofesi ya mkulu woona za achinyamata. M'midzi muli makalabu, ndipo makalabuwo ali ndi mgwirizano wawo m'dera la mfumu yaikulu iliyonse. Papepala zonse zilipo. Vuto limaoneka munthu akalowa mu ofesi ya achinyamata ya paboma, momwe kawirikawiri mumakhala munthu mmodzi kapena awiri oti asamalire boma lonse la anthu mazana a zikwi. Pakhoma pamakhala mndandanda wa makalabu olembetsedwa, pakona pali mipira ingapo yomwe bungwe lina linasiya, ndipo panja payima njinga yamoto yomwe imayenda mwezi umene ndalama zoyendetsera ofesi zabwera kuchokera ku Capital Hill. Mkuluyo amadziwa bwino kuti kalabu ya kutsidya kwa mtsinje sanaiyendere chaka chonse, koma amafika kumeneko pokhapokha bungwe lina likamutenga pa galimoto yake, ndipo akafika amakambirana nkhani yomwe bungwelo labwera nayo, osati yomwe achinyamatawo akanasankha.

Kuti kusiyana kuoneke bwino, tione momwe boma limachitira ndi zaumoyo ndi zaulimi. Unduna wa zaumoyo uli ndi alangizi a zaumoyo okhala m'midzi momwemo, olipidwa mwezi ndi mwezi, ndipo cholinga cha boma ndi chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000. Ndi anthu amenewa omwe achititsa kuti katemera afike pafupifupi mudzi uliwonse ndiponso kuti imfa za ana osakwana zaka zisanu zitsike kwambiri kuchokera m'zaka za m'ma 1990. Unduna wa zaulimi nawo uli ndi alangizi ake m'madera, ngakhale ndi osakwanira. Palibe amene amanena kuti sikelo ya ana iziyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka opanda malipiro, kapena kuti izichitika chaka chokhacho chimene pulojekiti ilipo. Koma ntchito ya achinyamata, yomwe imakhudza msinkhu umene munthu amasankha ngati apitiriza sukulu, ngati akwatiwa, ngati ayamba kumwa ndi kusuta, yasiyidwa m'manja mwa anyamata ndi atsikana ongodzipereka omwe nawonso akusaka ganyu. Wapampando wa kalabu akapeza ntchito ku esiteti kapena akakwera basi ya ku Johannesburg, kalabuyo imafa mwezi womwewo.

M'malo molemba anthu ogwira ntchitoyi, maboma onse akhala akusankha njira imodzi yomwe imamveka bwino pamsonkhano wa ndale, ndiyo ngongole. Mu 2005 kunabwera thumba la MARDEF, mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linakhazikitsa thumba la ngongole za achinyamata la YEDF, mu 2014 matumbawa anaphatikizidwa kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina linasinthanso kukhala NEEF. Nthawi zonsezi madandaulo akhala amodzimodzi, akuti ngongole zambiri sizibwezedwa, kuti otenga amaziona ngati mphatso ya chipani, ndiponso kuti wodziwana ndi phungu amalandira msanga kuposa yemwe ali ndi dongosolo labwino la bizinesi. Sindikunena kuti achinyamata safunika mpamba, chifukwa amaufuna kwambiri, ndipo mabanki athu sabwereketsa munthu wopanda chikole. Koma ngongole imathandiza munthu yemwe ali kale ndi luso, msika ndi womulangiza, ndipo imafika kwa wa zaka 25 kapena 30 pamene zambiri zokhudza moyo wake zinagamulidwa kale ali ndi zaka 13 kapena 16. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mtsikana yemwe anasiya sukulu mu Sitandade 6 n'kubereka ana awiri asanafike zaka 20 sangabwezeredwe zaka zimenezo ndi ngongole ya ndalama zingati zilizonse.

Ena amayankha kuti malo a mwana ndi kusukulu, choncho ndalama zonse zipite ku maphunziro. Akadakhala kuti ana onse ali pasukulu, mfundoyi ikadamveka. Maphunziro a pulayimale aulere anayamba mu 1994 ndipo ana analowa m'makalasi mwaunyinji, koma ambiri amasiyira panjira asanafike Sitandade 8, ndipo mwa amene akhoza mayeso ambiri sapeza malo ku sekondale ya boma. Mwa achinyamata a msinkhu wa sekondale, osakwana mmodzi mwa asanu alionse ndiwo ali ku sekondale pa msinkhu woyenera. Sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, pamodzi ndi makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015 ndi koleji ya Ngara ku Karonga, ndi chinthu chabwino, koma malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo maphunziro ambiri a kumeneko amafuna munthu wokhala ndi satifiketi ya MSCE. Izi zikutanthauza kuti unyinji wa achinyamata a zaka zapakati pa 14 ndi 20 sali m'kaundula wa sukulu iliyonse, ndipo palibe wogwira ntchito m'boma amene udindo wake ndi kudziwa komwe ali. Boma limakumana nawo koyamba ali m'chipinda chochirira, ali m'chitokosi cha apolisi kapena ali pamzere wolembetsa kuvota.

Mtengo wa kusowa kwa ntchitoyi umaonekera poyera kwambiri mwa atsikana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka zapakati pa 15 ndi 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, ndipo amayi 42 pa 100 alionse a zaka zapakati pa 20 ndi 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la mu 2015 komanso kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 zinaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma lamulo silidziyendera lokha kukafika pakhomo pomwe makolo alandira kale ndalama kwa mwamuna. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wachangu wa boma anapeza kuti m'miyezi yochepa yokha atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo maukwati a ana pafupifupi 13,000 anachitika. Ziwerengero zimenezi zimatiuza kuti kwa atsikana ambiri sukulu inali malo okhawo owateteza, ndipo itatsekedwa panalibe kalabu, mlangizi kapena malo ena alionse owagwira. Mtsikana aliyense mwa amenewa boma limadzamulipirirabe, pa sikelo ya amayi oyembekezera, pa opaleshoni pamene thupi lake losakhwima lalephera kubereka, pa chithandizo cha fistula, pa mwana wobadwa masiku asanakwane, ndiponso pa mtukula pakhomo zaka zikubwerazo.

Unduna wa zaumoyo unakhazikitsa mu 2007 dongosolo loti zipatala zizikhala ndi chithandizo chokomera achinyamata, koma kuunika komwe kunachitika mu 2014 kunasonyeza kuti pafupifupi wachinyamata mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anamvapo za chithandizochi, ndipo ochigwiritsa ntchito anali ochepa kwambiri. Chipinda chikhoza kukhalapo pachipatala, koma mtsikana sangalowemo ngati palibe munthu wakumudzi kwawo womuuza kuti chilipo ndi kumuperekeza ulendo woyamba.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti kodi makalabu oterewa amasinthadi zinthu, kapena ndi malo ongotayirako nthawi. Yankho labwino likuchokera kwa anansi athu. Ku Uganda bungwe la BRAC linatsegula makalabu a atsikana m'midzi ndi m'matauni, momwe ankakumana madzulo m'nyumba yawoyawo, motsogozedwa ndi mtsikana wokulirapo wa m'dera lomwelo yemwe anaphunzitsidwa ndipo ankalandira kangachepe, n'kumaphunzira za thupi lawo, za kukana mwamuna, za ndalama ndi ntchito zamanja. Akatswiri atayerekeza madera okhala ndi makalabu ndi opanda makalabu patatha zaka zinayi, anapeza kuti mimba za atsikana zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, olowa m'banja msanga anachepa, ndipo atsikana ochita ntchito yopezera ndalama anachuluka ndi pafupifupi theka. Chomwe chikutikhudza kwambiri ndi zomwe zinachitika bungwe lomwelo litayesa njira yomweyo ku Tanzania ndi ndalama zochepa. Kumeneko makalabu ambiri analibe nyumba yodalirika yokumaniramo, zipangizo sizinkabwezeretsedwa zikatha, otsogolera sankaphunzitsidwa mokwanira, ndipo zotsatira zabwino za ku Uganda sizinaoneke. Maganizo anali amodzi, atsikana anali ofanana, chosiyana chinali ndalama zoyendetsera ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo makalabu athu ambiri akufanana ndi a ku Tanzania aja.

Kwathu kunonso umboni ulipo. Kuyambira mu 2008, kwa zaka ziwiri, atsikana osakwatiwa a zaka zapakati pa 13 ndi 22 m'boma la Zomba ankalandira ndalama zochepa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi makolo awo, ena pa lamulo loti azipita kusukulu, ena popanda lamulo lililonse. Pamene thandizoli linkaperekedwa, atsikana ambiri anakhalabe pasukulu, mimba ndi maukwati zinachepa, ndipo kachilombo ka HIV kanapezeka mwa ochepa poyerekeza ndi anzawo omwe sankalandira. Koma ofufuza atabwerera patatha zaka ziwiri thandizo litatha, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinali zitazilala. Phunziro lake ndi lakuti thandizo kwa wachinyamata limagwira ntchito nthawi imene lilipo, ndipo unyamata sutha m'zaka ziwiri kapena zitatu zomwe mapulojekiti ambiri amakhala. Chaka chilichonse ana ena mazana a zikwi amafika zaka 13, ndipo amafuna chithandizo chomwecho chimene akulu awo analandira.

Anyamata nawo sitiyenera kuwaiwala, ngakhale mapulojekiti ambiri a mabungwe amayang'ana atsikana okha. Munthu akaima pa siteji ya kabaza m'mawa aona anyamata makumi awiri akulimbirana munthu mmodzi wotsika minibasi, ambiri mwa iwo akuyendetsa njinga ya eni ake yomwe ayenera kuiperekera ndalama madzulo aliwonse, kaya apeza okwera kaya ayi. Masana ena mwa iwo amakhala ali m'nyumba yobetchera, maso ali pa sikirini, akuyembekeza kuti mpira wa ku England uwabwezera zomwe ataya. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo totchipa sizinachoke, ndipo chamba chimapezeka paliponse. Ndi anyamata omwewa amene andale amawatenga nthawi ya kampeni, kuwapaka penti, kuwamwetsa ndi kuwatuma kukasokoneza msonkhano wa anzawo, ndipo zinthu zikavuta ogwidwa ndi iwo, osati owatuma. Malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti anthu odzipha akuchuluka ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna, pamene chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi chimodzi chokha, cha ku Zomba, chothandizidwa ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mnyamata wosweka mtima wa ku Nthalire kapena ku Makanjira sadzafika kwa dokotala wa maganizo, koma akhoza kufika kwa mlangizi wa achinyamata wophunzitsidwa kumvetsera ndi kuzindikira zizindikiro zoopsa. Ndipo mnyamata amene wathera ku ndende ya achinyamata ya Bvumbwe kapena ku malo osinthira khalidwe a Mpemba ndi Chilwa amadya, amavala ndi kulonderedwa ndi ndalama za msonkho zomwezo zimene tinakana kugwiritsa ntchito asanapalamule.

Ngakhale mayiko olemera aona zomwezi. Ku England makhonsolo anadula kwambiri ndalama za ntchito ya achinyamata kuyambira mu 2010, ndipo makalabu ambiri anatsekedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024 ndi bungwe la Institute for Fiscal Studies, woona za mzinda wa London, anapeza kuti achinyamata omwe kalabu yawo yapafupi inatsekedwa anakhoza mayeso mochepera ndipo opalamula milandu pakati pawo anachuluka, moti pa paundi imodzi iliyonse yomwe boma linapulumutsa, dziko linataya pafupifupi mapaundi atatu.

Pali ena amene amavomereza zonsezi koma n'kunena kuti mabungwe omwe si aboma akugwira kale ntchitoyi, ndiye boma lisavutike. N'zoona kuti mabungwe agwira ntchito yaikulu. Bungwe la YONECO ku Zomba, mwachitsanzo, lakhala likuyendetsa nambala yaulere ya 116 yothandizira ana komanso wailesi ya achinyamata, ndipo pulogalamu ya DREAMS yothandizidwa ndi dziko la America inafikira atsikana ambiri ku Machinga, Zomba ndi Blantyre. Koma ndalama za abwenzi akunja zimasankha maboma ochepa, zimatsata nkhani imene mwini ndalama akuifuna chaka chimenecho, ndipo zimatha pa tsiku lolembedwa m'pangano. Zimathanso kuima mwadzidzidzi. Mu 2013 nkhani ya Cashgate itaphulika, mayiko othandiza anasiya kuika ndalama mu bajeti yathu, ndipo mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ntchito zambiri zaumoyo ndi za achinyamata zinaima m'masabata ochepa, ogwira ntchito n'kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Palinso chizolowezi choipa chimene njira imeneyi yabala, choti achinyamata ena amabwera ku msonkhano pokhapokha pakakhala alawansi ndi chakumwa, ndipo makalabu ena amabadwa pulojekiti ikafika n'kufa ikachoka. Ndi boma lokha limene lingathe kuika ntchito yofanana m'maboma onse 28 ndi kuisunga zaka makumi awiri, mabungwe n'kumabwera kudzaonjezera pa maziko omwe alipo kale.

Mfundo yolimba kwambiri yotsutsa ndi yakuti ndalama kulibe, ndipo siyenera kunyozedwa. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, namondwe wa Freddy anawononga maboma a kummwera mu Malichi 2023, ndipo m'mabajeti aposachedwapa chiwongoladzanja cha ngongole za boma chakhala chikudya ndalama zambiri kuposa zopita ku unduna wonse wa zaumoyo. Komabe ntchito ya achinyamata ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi zinthu zina zimene boma limapezera ndalama likafuna. Dziko lino lili ndi mafumu aakulu mazana ochepa chabe, kotero kuika mlangizi wa achinyamata mmodzi kapena awiri olipidwa m'dera la mfumu iliyonse, aliyense ndi njinga ndi ndalama zoyendetsera makalabu, kukufuna anthu osafika 1,000, pamene alangizi a zaumoyo alipo zikwi zambiri. Malo ophunzitsira anthu otere alipo kale, monga koleji ya Magomero ku Chiradzulu yomwe imasula alangizi a chitukuko ndi a chisamaliro cha anthu, ndipo achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede omwe boma lakhala likuwalemba mongogwirizira kuyambira mu 2018 akhoza kuphunzitsidwa ntchitoyi m'malo mongokhala m'maofesi opanda chochita. Nyumba zokumaniramo zambiri sizifuna kumangidwa, chifukwa makalasi a pulayimale amakhala opanda anthu madzulo ndi Loweruka. Njira zopezera ndalama nazo zilipo, pakuti msonkho wa TEVET wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, wa 1 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito unasonyeza kale kuti n'zotheka kupatula ndalama za cholinga chimodzi mwa lamulo, ndipo gawo lodziwika la msonkho wa mowa ndi wa makampani obetcha, omwe phindu lawo lalikulu amalipeza mwa achinyamata omwewa, likhoza kupatulidwa chimodzimodzi.

Nkhani ya zamasewero ikusonyeza bwino kuti vuto nthawi zina ndi kasankhidwe, osati kusowa kokha. Bwalo la Bingu ku Lilongwe linatsegulidwa mu 2017 litamangidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo pokonzekera masewero a achinyamata a mayiko a m'chigawo chino mu Disembala 2022 boma linamanga nyumba ya masewero ya Griffin Saenda ndi malo osambirira. Nyumba zimenezi zili ndi ntchito yake, koma Tabitha ndi Temwa Chawinga, omwe atchuka ku Italy, ku France ndi ku America, anayambira pa mabwalo afumbi ku Rumphi, ndipo atsikana ambiri a timu ya Queens anatulukira pa mabwalo a sukulu. Mpikisano wa mpira wamiyendo ndi wamanja wa m'dera la mfumu, wokhala ndi mipira yeniyeni, mayunifolomu ndi woyimbira wophunzitsidwa, ukanafikira ana ambiri pa kachigawo kochepa ka mtengo wa nyumba imodzi yotere. Pakadali pano mipikisano yambiri ya m'midzi ndi zikho za aphungu ndi ofuna uphungu, zomwe zimatuluka chisankho chikayandikira n'kusowa chikadutsa.

Mantha akuti ndalama zoterezi zidzabedwa kapena zidzasanduka chida cha chipani cholamula ndi oyenera, ndipo mbiri ya apayoniya ndi ya matumba a ngongole ikuwachitira umboni. Chitetezo chake chagona pa momwe ntchitoyo yakhazikitsidwira. Alangizi a achinyamata ayenera kulembedwa ntchito kudzera m'njira ya boma yolembera ogwira ntchito m'makhonsolo, monga aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, osati kusankhidwa ndi phungu kapena gavanala wa chipani. Ndalama za ofesi ya achinyamata ziyenera kukhala ndi mzere wakewake mu bajeti ya khonsolo, woletsedwa kusamutsidwira ku maulendo ndi misonkhano ya kunyanja, ndipo ziyenera kumatidwa pa bolodi la khonsolo kotala iliyonse kuti mgwirizano wa makalabu uziona zomwe zabwera ndi momwe zagwirira ntchito. Bungwe la National Youth Council liyenera kupatsidwa ndalama zokwanira kuti lizitha kuyendera ndi kuunika makalabu, ndipo popeza ntchitoyi imaika akuluakulu pafupi ndi ana, payenera kukhala lamulo lomveka la kafufuzidwe ka mbiri ya wolembedwa ntchito komanso njira yoti mwana adandaulire ngati mlangizi yemweyo ndi amene akumuzunza.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena kuti achinyamata ndiwo ali pakati pa chitukuko cha dziko lino, ndipo mu 2022 boma linayambitsa ntchito ya National Youth Service ku Neno. Mawu oterewa amayesedwa ndi bajeti. Chaka chilichonse, bajeti isanalembedwe, unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, makhonsolo amakonza mabajeti awo, kenako makomiti a aphungu amaunika ndalama za unduna uliwonse zisanavomerezedwe. Pa malo atatu onsewa makalabu a achinyamata, mafumu, mipingo ndi makolo ali ndi ufulu wofunsa kuti ofesi ya achinyamata ya boma lawo inalandira ndalama zingati chaka chatha, ili ndi ogwira ntchito angati, ndipo ndi alangizi angati olipidwa omwe bajeti yatsopano ikulonjeza kuika m'madera a mafumu.